Mawotchi a chronograph a ku Switzerland ndi mbiri yawo ya m'ndege

Chronograph ndi wotchi yogwira ntchito ziwiri. Imasonyeza nthawi ya tsiku monga wotchi ina iliyonse, koma ili ndi muvi wina wautali umene umangokhala chiimire pa 12 mpaka mwini wake atadina batani. Akadina batani la pamwamba, muviwo umayamba kuthamanga uku ukuwerenga masekondi. Akadinanso, umaima. Akadina la m'munsi, umabwerera pa 12 kudikira ntchito ina. Pankhope ya wotchiyo pamakhala timabwalo tiwiri kapena titatu. Kena kamawerenga mphindi zimene zapita chidinire batani, kena maola, ndipo kena kamasonyeza masekondi a nthawi wamba. Ambiri mwa anthu ovala mawotchi otere sadinako n'komwe mabataniwa, ndipo ena amayesa kuti timabwaloto n'tokometsera chabe. Komatu inalipo nthawi imene moyo wa anthu m'ndege unkadalira timivi timeneti. Mbiri imeneyo ndi imene makampani a ku Switzerland monga Breitling, Longines, Zenith, Breguet ndi IWC akugulitsa lero pamtengo wokwera, m'mawotchi atsopano opangidwa motengera akale.

Chida chimenechi chinabadwa ndege zisanabwere. Mu 1816 Mfalansa wina, Louis Moinet, anapanga choyezera tizigawo ta sekondi kuti chimuthandize pofufuza kayendedwe ka nyenyezi. Mu 1821 Nicolas Rieussec anabwera ndi china cha pa mipikisano ya mahatchi mumzinda wa Paris, chimene chinkadontheza inki pankhope ya wotchi hatchi ikafika pamzere. Vuto la zida zambiri zoyambirira linali kubweza muvi poyambira. Amene analithetsa ndi Adolphe Nicole, mbadwa ya ku Switzerland imene inkagwira ntchito ku London. Mu 1844 iye analembetsa luso la kachitsulo koumbika ngati mtima. Kachitsuloko kakakankhidwa, zilibe kanthu kuti muvi waima pati, umatembenuka n'kubwerera pa 12. Mpaka lero pafupifupi chronograph iliyonse yoyendera sipuling'i ili nako kachitsulo kameneka m'kati mwake.

Ndege itabwera, inapeza chida chili kale. Pa 17 Disembala 1903, pamene abale awiri a banja la Wright anaulutsa ndege yawo ku Kitty Hawk kwa masekondi 12, m'ndegemo anamangiriramo wotchi yoyezera nthawi. Funso n'lakuti, n'chifukwa chiyani woyendetsa ndege ankafunikira kwambiri kuwerenga masekondi?

Yankho lagona pa mmene ndege inkapezera njira. Mumlengalenga mulibe msewu, mulibe chikwangwani. Kunalibe GPS, ndipo zida za wailesi zolondolera ndege zinali m'malo owerengeka. Woyendetsa ankanyamuka ali ndi mapu, kampasi, choyezera liwiro ndi wotchi. Kampasi inkamuuza kumene waloza, choyezera liwiro chinkamuuza mmene akuthamangira, ndipo wotchi inkamuuza nthawi imene wakhala akuuluka choncho. Akaphatikiza zitatuzi ankadziwa pamene ali. Ndege yothamanga makilomita 240 pa ola imayenda makilomita 4 pa mphindi iliyonse. Ngati mapu akusonyeza kuti mtsinje uli pa makilomita 100, woyendetsa amadina batani ponyamuka n'kuyembekezera kuuona mtsinjewo pakatha mphindi 25. Akauona pa mphindi 28, amadziwa kuti mphepo ikumubweza m'mbuyo, ndipo amayamba kuwerengeranso ulendo wonse pamodzi ndi mafuta ake. Akalakwitsa ndi mphindi 2 zokha, wasemphana ndi malo ndi makilomita 8. Masana kuli bwino, makilomita 8 si nkhani. Koma usiku, kapena pamwamba pa nyanja, kapena mitambo itaphimba dziko, makilomita 8 amakwanira kuti munthu adutse bwalo la ndege osaliona, mafuta akutha.

Ngakhale pokhota, wotchi inkagwira ntchito. Oyendetsa ndege amaphunzira kukhota pa mlingo wa madigiri 3 pa sekondi. Pa mlingo umenewo ndege imatembenuka n'kuloza kumene yachokera pakatha mphindi imodzi, ndipo imazungulira kwathunthu pakatha mphindi 2. Munthu amene ali m'kati mwa mtambo, wosaona pansi kapena kumwamba, ankakhota akuyang'ana muvi wa masekondi. Ndege zikuluzikulu za maulendo ataliatali zinkanyamula munthu wapadera amene ntchito yake inali yomweyi ya mapu, kampasi, nyenyezi ndi wotchi. Umu ndi mmene zinalili m'nthawi ya ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC, zimene mu 1949 ndi 1950 zinkaima ku Cape Maclear pa nyanja ya Malawi paulendo wochokera ku Southampton kupita ku Johannesburg.

Wotchi ya m'thumba inali yosathandiza kwa munthu amene manja ake onse awiri agwira zowongolera. Alberto Santos-Dumont, wa ku Brazil amene ankaulutsa ndege ku Paris, anadandaula za zimenezi kwa mnzake Louis Cartier, ndipo mu 1904 Cartier anamupangira wotchi ya pamkono. Sinali chronograph, koma inatsegula njira. Ntchito yoika chronograph pamkono inachitikira m'mapiri a Jura, kumadzulo kwa Switzerland, m'matauni ozizira a Saint-Imier, La Chaux-de-Fonds ndi Le Locle, kumene mabanja ambiri ankadya za mawotchi. Mu 1913 kampani ya Longines ya ku Saint-Imier inatulutsa makina otchedwa 13.33Z, amodzi mwa makina oyamba a chronograph opangidwira pamkono. Kampani ya Breitling, imene Léon Breitling anaiyambitsa mu 1884, inapitiriza pamenepo m'mibadwo itatu. Mu 1915 mwana wake Gaston anaika batani lapadera pambali pa wotchi, pafupi ndi nambala 2. Mu 1934 mdzukulu wake Willy analembetsa batani lachiwiri, lobwezera muvi pa 12. Ndi mabatani awiriwa munthu ankatha kuimitsa muvi, kuupitiriza, kuuimitsanso, n'kudzaubweza pamene wafuna. Maonekedwe a mabatani awiri amene aliyense amawadziwa lero anakhazikika nthawi imeneyo.

Dzina la Longines linalumikizana ndi ndege kudzera mwa anthu awiri a ku America. Woyamba ndi Charles Lindbergh, amene pa 20 ndi 21 Meyi 1927 anauluka yekha kuchoka ku New York kukatera ku Paris m'maola 33 ndi theka, wopanda wailesi, akudalira kampasi ndi wotchi. Wachiwiri ndi Philip Van Horn Weems, msilikali wa pamadzi amene ankaphunzitsa kupeza njira poyang'ana dzuwa ndi nyenyezi. Weems ankadziwa kuti dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, kotero kuti wotchi ikalakwa ndi masekondi 4 okha, munthu amene ali cha pakati pa dziko amasokera ndi makilomita pafupifupi 2. Iye anakonza njira yotchera masekondi a wotchi kuti agwirizane ndendende ndi chizindikiro cha nthawi chomveka pawailesi, ndipo Longines inapanga mawotchi otero. Lindbergh anaphunzira kwa Weems, kenako anajambula wotchi yakeyake, imene Longines inatulutsa mu 1931 ndi dzina lakuti Hour Angle. Mawotchi awiriwa sanali ma chronograph, koma anaika kampaniyo m'manja mwa oyendetsa ndege.

Mu 1936 Longines inapatsidwa umwini wa luso limene lili pamtima penipeni pa chronograph ya m'ndege, lotchedwa flyback. Pa chronograph wamba, munthu wofuna kuyamba kuwerenga mwatsopano amadina katatu: kuimitsa, kubweza, kuyambitsa. Pa flyback amadina kamodzi. Muvi umalumpha kubwerera pa 12 n'kuyambanso kuthamanga nthawi yomweyo. Kwa munthu wokhala pampando kunyumba, kusiyanaku n'kochepa. Kwa woyendetsa ndege amene wafika pokhotera, dzanja lina lili pa chowongolera, wavala magolovesi okhuthala, ndege ikugwedezeka, kudina kamodzi m'malo mwa katatu kunkapulumutsa masekondi amene pa mapu amasanduka mtunda.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inakulitsa msika umenewu kwambiri, ndipo apa mbiri yake ili ndi mbali imene otsatsa malonda satchula kawirikawiri. Switzerland sinalowe nawo nkhondo, ndipo makampani ake ankagulitsa kumbali zonse ziwiri. Breitling, kudzera mu nthambi yake ya Huit Aviation imene inakhazikitsidwa mu 1938, inapereka mawotchi omangirira m'ndege kwa asilikali a m'ndege a Britain. IWC ya ku Schaffhausen mu 1940 inapanga mawotchi akuluakulu 1,000, a mamilimita 55 m'mimba mwake, a asilikali a m'ndege a Germany ya Hitler. Nkhondo itatha, IWC yomweyo inapangira Britain wotchi ya Mark 11 mu 1948. Munthu wogula wotchi ya maonekedwe a nthawi imeneyo ayenera kudziwa kuti zina mwa nkhope zimene lero zimatamandidwa chifukwa cha kukongola zinajambulidwa kuti zithandize ndege zoponya mabomba kufika pamwamba pa mizinda.

Chilichonse chooneka pa mawotchiwa chinali ndi chifukwa chake. Nkhope inkakhala yakuda, yosanyezimira, kuti kuwala kwa dzuwa kusathobwe m'maso. Manambala ankakhala oyera ndi akuluakulu kuti munthu awerenge pongoponyapo diso. Kamutu kopotokola pokunga sipuling'i kankakhala kakakulu kuti kagwirike ndi magolovesi. Mkombero wozungulira unali ndi chizindikiro choika pa mphindi imene munthu akufuna kukumbukira. Mu Mark 11, makina anatsekeredwa m'kachikombe ka chitsulo chofewa kuti mphamvu ya maginito yochokera ku zida za m'ndege isasokoneze kayendedwe kake. Manambala ndi mivi zinkapakidwa utoto wowala mumdima, ndipo utotowo unali ndi radium.

Nkhani ya radium ndi yomvetsa chisoni. M'zaka za m'ma 1920 ku America, atsikana opaka utotowu m'mafakitale ankasongola nsonga ya burashi ndi milomo, monga anawaphunzitsira. Ambiri anadwala, mafupa a nsagwada anawola, ndipo ena anafa ali aang'ono. Ku Switzerland nako ntchitoyi inkachitika, nthawi zambiri m'timashopu ting'onoting'ono ndi m'nyumba za anthu, mpaka m'zaka za m'ma 1960 pamene radium inalowedwa m'malo ndi tritium. Mu 2015 boma la dzikolo linayamba ntchito yofufuza ndi kuyeretsa nyumba zakale zimene munali mutatsalira radium. Utoto wa pa wotchi yakale umasiya kuwala pakapita zaka, koma radium yake siitha mphamvu, pakuti pamafunika zaka 1,600 kuti mphamvuyo ichepe ndi theka.

Zaka za m'ma 1950 ndi zimene zinabala mawotchi awiri amene akutsanziridwa kwambiri lero. Yoyamba ndi Type 20. Boma la France linalemba zofunika pa chronograph ya asilikali ake a m'ndege: nkhope yakuda, manambala owala mumdima, kukula kwa mamilimita pafupifupi 38, kusalakwa ndi masekondi opitirira 8 patsiku, ndipo koposa zonse, flyback. Makampani angapo anapanga, kuphatikizapo Breguet, Dodane, Auricoste ndi Vixa. Breguet panthawiyo inali kampani ya ku Paris yogwiritsa ntchito makina a Valjoux a ku Switzerland, koma lero likulu lake lili ku Vallée de Joux ndipo ili m'gulu la Swatch kuyambira 1999. Banja la Breguet linalinso ndi dzina m'ndege, popeza Louis Breguet, wa mumzere wa amene anayambitsa kampani ya mawotchiyo mu 1775, anali mmodzi mwa opanga ndege otchuka a France. Mawotchi a Type 20 anali katundu wa boma. Ankabwezedwa nthawi ndi nthawi kukayesedwa, ndipo kumsana kwake ankadinda zilembo FG pamodzi ndi deti limene chitsimikizo chake chidzathere. Wotchi imene yagwira ntchito zaka zambiri imakhala ndi madeti angapo otero, ondondozana, ndipo osonkhanitsa mawotchi akale amawerenga msana umenewo asanayang'ane nkhope.

Yachiwiri ndi Navitimer ya Breitling. Kampaniyo imati ntchito inayamba mu 1952, ndipo mawotchi oyamba anafika mu 1954 kwa mamembala a AOPA, bungwe la ku America la eni ndege ndi oyendetsa ndege. Nkhope yake ndi yodzaza ndi timanambala moti woiona koyamba amachita nayo chizungulire, koma timanambalato ndi chowerengera masamu. Pali mizere iwiri ya manambala yozungulira, wina wam'kati wosasuntha, wina wakunja woyenda ndi mkombero. Woyendetsa ndege yothamanga makilomita 240 pa ola amapotoza mkombero mpaka 24 wa kunja atayang'anizana ndi 60 wa m'kati. Akatero, mayankho onse a ulendowo ali poyera. Akafuna kudziwa nthawi ya makilomita 100, amayang'ana pa 10 wa kunja, ndipo m'kati mwake amapezamo 25, kutanthauza mphindi 25. Mafuta nawo chimodzimodzi. Ngati injini imamwa malita 36 pa ola, amaika 36 moyang'anizana ndi 60, ndipo pa mphindi 50 amawerenga malita 30. Mizere yomweyo imachulukitsa, imagawa, imasinthanso mamailosi kukhala makilomita. Panthawi imene kunalibe kakyuleta ya m'thumba, chimenechi chinali chida chenicheni, ngakhale kuti m'ndege yogwedezeka timanambala tating'ono chotero sitinali tapafupi kuwerenga, ndipo ambiri ankadalirabe chowerengera chachikulu cha m'manja chotchedwa E6B.

Pa 24 Meyi 1962, Scott Carpenter anazungulira dziko katatu m'chombo cha Aurora 7 atavala Navitimer imene anapempha kuti ikhale ndi nkhope ya maola 24, chifukwa kumeneko usana ndi usiku zimasinthana kangapo pa maola ochepa. Wotchiyo inaonongeka ndi madzi a m'nyanja chombo chitatera, zimene zikusonyeza malire a mawotchi a nthawiyo. Chronograph imene inadzatchuka m'maulendo a kumwezi ndi Speedmaster ya Omega, koma iyo inapangidwa mu 1957 poganizira za mipikisano ya magalimoto, ndipo nkhani yake ndi ina.

Chaka cha 1969 chinabweretsa chipambano ndi tsoka pamodzi. M'chakacho magulu atatu anatulutsa chronograph yodzikunga yokha ndi kugwedezeka kwa mkono: Zenith ndi makina ake a El Primero, gulu la Heuer, Breitling, Hamilton-Büren ndi Dubois Dépraz ndi makina a Calibre 11, komanso Seiko ya ku Japan. Koma pa 25 Disembala chaka chomwecho, Seiko inayamba kugulitsa Astron, wotchi ya pamkono yoyamba ya quartz, yoyendera batire. M'kati mwa wotchi ya quartz ya masiku ano muli kamwala konjenjemera ka 32,768 pa sekondi, pamene gudumu la wotchi ya sipuling'i limagunda ka 5 mpaka ka 10. Ya quartz imalakwa ndi masekondi ochepa pamwezi, ya sipuling'i patsiku. Mitengo ya quartz itatsika, msika wa Switzerland unagwa. Anthu ogwira ntchito za mawotchi m'dzikolo anachepa kuchoka pa 90,000 cha m'ma 1970 kufika pa 30,000 cha pakati pa zaka za m'ma 1980. Willy Breitling anagulitsa dzina la kampani yake mu 1979 kwa Ernest Schneider, amene anali woyendetsa ndege, ndipo anamwalira chaka chomwecho.

Ku Zenith, eni ake a ku America analamula kuti makina a sipuling'i asiyidwe ndipo zida zake zitayidwe. Mmisiri wina, Charles Vermot, anakana mumtima. Madzulo ena onse ataweruka, ankanyamula zidindo, zikombole ndi mapepala a El Primero n'kukazibisa m'chipinda cha kudenga, chilichonse atachilemba nambala. Pamene makina a sipuling'i anayambanso kufunidwa m'zaka za m'ma 1980, zida zonse zinapezeka zili bwinobwino, ndipo kuyambira 1988 ngakhale Rolex inagula makina amenewa kuika mu chronograph yake ya Daytona. Popanda munthu ameneyu, Zenith ikanavutika kwambiri kudzukanso.

Kudzuka kwa mawotchi a sipuling'i kunabwera ndi tanthauzo lina. Pofika 1995 GPS inali itayamba kugwira ntchito mokwanira, ndipo ndege ya lero ili ndi makompyuta owerengera njira, mphepo ndi mafuta. Ophunzira kuyendetsa ndege amaphunzirabe mapu, kampasi ndi nthawi, koma wotchi ya batire yotsika mtengo imakwanira pa ntchitoyo. Chronograph ya sipuling'i inasiya kukhala chida n'kusanduka chuma chovala. Makampani anazindikira kuti chimene Japan sakanatha kuwalanda ndi mbiri, choncho anatsegula mabuku awo akale. Mu 2016 Zenith inabwezeretsa CP-2, imene poyamba inapangidwa 2,500 yokha m'zaka za m'ma 1960 kwa asilikali a Italy kudzera mwa wamalonda wa ku Rome, A. Cairelli. Mu 2017 Longines inatulutsa Avigation BigEye, yokhala ndi kabwalo kamodzi ka mphindi kakakulu kuposa tinzake. Mu 2019 Breitling inapanga Navitimer yotengera ya 1959, mawotchi 1,959 okha, yokungidwa pamanja ndiponso yokhala ndi galasi la pulasitiki ngati yakale. Chaka chomwecho Blancpain inatulutsa Air Command, mawotchi 500 okha, ndipo mu 2023 Breguet inabwera ndi Type XX yatsopano, yotengera Type 20 ija.

Kunja mawotchiwa amaoneka achikale, koma m'kati ndi amakono. Chronograph yabwino imakhala ndi tizidutswa toposa 250, tina tosaoneka bwino popanda galasi lokulitsa. Mabatani amalamula makina kudzera m'kagudumu kokhala ndi tinsanamira, kamene kamachititsa kudina kukhala kofewa ndi kofanana nthawi zonse. Makina otsika mtengo, monga Valjoux 7750 imene yakhala ikupangidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1970, amagwiritsa ntchito kachitsulo kosalala m'malo mwake, kolimba ndi kosavuta kukonza, koma batani lake limakhala lolimbirapo. M'mawotchi akale muvi wa chronograph unkalumikizidwa ndi mano a magiya okumana cham'mbali, ndipo nthawi zina unkadumpha pang'ono poyamba. Ambiri atsopano amalumikiza ndi timbale tiwiri topanikizana ngati kilatchi ya galimoto, kotero muvi umanyamuka mosadumpha. Makina a B01 amene Breitling inayamba kupanga yokha mu 2009 amayenda maola 70 akakungidwa kamodzi, pamene akale ankatha mphamvu asanakwanitse masiku awiri. Galasi la ambiri ndi la sapphire, losakandika wamba, ndipo utoto wowala mumdima ulibenso radium kapena tritium.

Pa utoto umenewu pali mkangano. Radium ndi tritium zikakalamba zimasanduka zachikasu chofiirira, ndipo mtundu umenewo ndi umene osonkhanitsa amaukonda pa wotchi yakale. Makampani anayamba kupaka mtundu womwewo pa mawotchi atsopano. Ena amati ndi mtundu chabe, wofatsa m'maso. Ena amati ndi ukalamba wonamizira, ndipo mawu awo ali ndi mphamvu. Woyendetsa ndege wa mu 1955 ankalandira wotchi ya manambala owala bwino, ndipo akanaikana ya manambala ofiirira chifukwa ndi ovuta kuwerenga. Wotchi yatsopano yopakidwa chikasu imatsanzira mmene yakale ikuonekera lero, osati mmene inalili pantchito.

Mitengo imayambira pa madola a ku America pafupifupi 3,000 kufika kupitirira 15,000, ndipo malonda ake ndi aakulu. Mu 2023 Switzerland inagulitsa kunja mawotchi a ndalama za dzikolo zokwana 26.7 biliyoni. Gawo la mtengowo ndi ntchito ya manja ndi luso limene UNESCO inalivomereza mu 2020 kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu. Gawo lina, losachepa, ndi dzina ndi kutsatsa malonda. Mawu akuti Swiss Made nawo ali ndi malire ake. Malinga ndi lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2017, osachepera 60 peresenti ya ndalama zopangira wotchiyo iyenera kukhala yogwiritsidwa ntchito ku Switzerland, kutanthauza kuti zidutswa zina zikhoza kuchokera kunja. Ogula amasokonezanso chronograph ndi chronometer. Chronometer ndi wotchi imene makina ake ayesedwa, kawirikawiri ndi bungwe la COSC, kwa masiku 15, m'makhalidwe 5 ndi pa kutentha kwa mitundu itatu, n'kupezeka kuti sachedwa kupitirira masekondi 4 kapena kufulumira kupitirira masekondi 6 patsiku. Wotchi ikhoza kukhala chronograph osakhala chronometer.

Si wotchi iliyonse ya nkhope yakuda ndi chithunzi cha ndege kumsana imene ili ndi mbiri ya m'ndege. Makampani ena amagula dzina la kampani imene inafa kalekale n'kumanena za mbiri imene iwo sanaigwirepo ntchito. Amene ali ndi mbiri yeniyeni amatha kutchula nambala ya wotchi yoyambayo, chaka chake ndi amene anaigula. Longines, mwachitsanzo, imasunga mabuku a manambala a mawotchi ake kuyambira 1867, ndipo mwini wotchi akhoza kufunsa za yake. Mawotchi achinyengo ndi ambiri kulikonse. Chizindikiro chimodzi chosavuta n'chakuti pa ambiri achinyengo timabwalo ta pankhope sitiwerenga mphindi, timangosonyeza tsiku kapena mwezi, ndipo mizere ya manambala a Navitimer yachinyengo sigwirizana munthu akayesa kuwerengera nayo. Wotchi yeniyeni imafunanso kutsukidwa ndi kuthiridwa mafuta pakapita zaka zingapo, ndipo ntchito imeneyi pa chronograph ndi yodula.

Amene ali ndi wotchi ya m'ndege yakale, kaya yosiyidwa ndi kholo kaya yogula pa kaunjika, makamaka yopangidwa chisanafike chaka cha 1965, asaitsegule yekha, chifukwa fumbi la utoto wake likhoza kukhala la radium. Asalolenso kuti wina apake nkhope yake utoto watsopano kapena apale msana wake kuti unyezimire, pakuti manambala ndi madeti odindidwa pamenepo ndiwo umboni wa kumene yachokera. Alembe manambalawo papepala, aijambule mbali zonse, ndipo apite nayo kwa mmisiri wodziwa makina a sipuling'i.